Maenvelopu Awiri Pakati pa Mlatho

Kwa Olemekezeka a Nduna Yoona za Ubale ndi Mayiko Oyandikana Nafe pa Nkhani za Sayansi, Luso la Makono, Chilengedwe, Zaumoyo ndi Zina Zonse Zimene Sizinakwane pa Chikwangwani,

Bwana,

Ndagwada. Ndikudziwa kuti simukundiona, koma khulupirirani kuti ndagwada, ngakhale kuti pansi pano chinyezi sichinathe ndipo mawondo anga si a mtsikana ayi.

Ine ndine mayi wosoka zovala wa mumsewu wa kumunsi kwa mlatho, pakati pa wometa ndi wogulitsa makala. Dzina langa silingakuthandizeni kanthu. Ku ofesi kwanu ndinabwera, mlonda anandiuza kuti muli ku msonkhano. Nditabweranso munali mutapita kukakonzekera msonkhano wina, ndipo ulendo wotsatira munali mukupumula chifukwa cha misonkhano. Ndiye wometa anandilangiza kuti nyuzipepala yokha ndiyo mumaitsegula m'mawa uliwonse, pofuna kuona ngati chithunzi chanu chatuluka bwino. Akonzi ndawapempha kuti kalatayi aiike pafupi ndi chithunzicho.

Cholinga changa ndi kuthokoza basi. Ndikuthokoza chifukwa cha pangano limene munasainirana ndi boma la tsidya lija, lochenjezana za kusefukira kwa mtsinje, ndipo ndikuthokoza m'malo mwa bambo anga, amene panganolo linatsala pang'ono kuwaperekeza kumanda mwaulemu wonse.

Poti ndinu otanganidwa, mwina mtsinje wathu munangouona pa mapu, ndiye ndiloleni ndikufotokozereni. Umachokera kumapiri a anzathu a tsidya lija, n'kutsetsereka mpaka m'tauni mwathu muno, pomwe umasanduka malire. Gombe lawo ndi lokwera, lamiyala. Lathu ndi lotsika. Mvula ikagwa kumapiri kwawoko, kuno kukhoza kukhala kuli ng'amba, koma madzi amabwera ndithu, ndipo saonetsa chitupa pa malire, amangokhotera kwathu.

Kale, nthawi ya umbuli wathu, tinkachita zinthu zochititsa manyazi. Mng'ono wanga anakwatiwa tsidya lija, ndipo mwamuna wake, mlamu wanga, ndiye ankayang'anira chitsulo choyezera madzi kumapiriko. Madzi akayamba kukwera ankangondiimbira foni n'kunena kuti mlamu, kwezani makina. Basi. Popanda moni wa boma, popanda chidindo. Ine ndinkauza wometa, ndipo chimene wometa wamva ndiye kuti msewu wonse wamva. Makina osokera tinkawakweza pamatebulo, nsalu pamwamba pa kabati, kenako n'kuwakweza bambo pa wilibala ya wogulitsa makala kupita nawo kusukulu ya pachitunda. Bambowo anafa ziwalo mbali imodzi, sayenda, amagona m'chipinda cha kuseri kwa shopu yanga. Pakamwa pokha ndiye pali moyo wa anthu atatu. Tinkafika kusukuluko tili ouma, iwo akutukwana woyendetsa wilibala njira yonse kuti sadziwa kuzemba maenje. Taonani umbuli wake, bwana, anthu kumapulumuka chaka ndi chaka popanda chikalata chilichonse.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha mwambo wosainirana uja. Ntchito yosoka mbendera ndi nsalu ya patebulo inagwera ine, ndipo umu ndi m'mene ndinadziwira mkulu wa mu ofesi mwanu woona za ulemu ndi dongosolo, amene kuno tinamupatsa dzina loti a Tepi chifukwa sayenda popanda tepi yoyezera m'thumba. A Tepi ndiwo anandiphunzitsa mutu wa nkhani yonse. Ati pakati pa mayiko awiri chilichonse chiyenera kufanana. Wina asapose mnzake, wina asatsogole, wina asapereke popanda kulandira, chifukwa wopereka yekha amaoneka bwana ndipo wolandira yekha amaoneka wopemphetsa. Ine ndakalambira pamakina, koma sindinaonepo munthu akuyeza mpendero wa mbendera atatsinzina diso limodzi ngati akufuna kulasa mbalame. Mbendera yathu inatalika pang'ono, mwina ndi chikhadabo cha khanda, ndipo a Tepi anatuluka thukuta, ati zinthu zotere zinayambitsapo nkhondo. Ndinamasula n'kusokanso.

Kenako anabweranso mwakachetechete, n'kutseka chitseko, n'kundinong'oneza kuti a Nduna a tsidya lija ndi aatali, pomwe inu, bwana, Mulungu anakupatsani zambiri m'mutu moti sanaone chifukwa chowonjezera m'miyendo. Koma pachithunzi mitu iyenera kulingana. Ndiye ndinasoka khushoni yonenepa bwino, ya mtundu wofanana ndi mpando kuti isaoneke, ndipo munaikhalira mwaulemerero. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ndipo monga mukuonera, sindinauze wina aliyense koma inu nokha.

Ndisaiwale mitengo. Munabzala mitengo iwiri yaubale, wina mbali ino ya mlatho, wina mbali iyo, mafosholo kulowa m'nthaka nthawi imodzi. Wa tsidya lija mbuzi zinadya. Wathu unaphuka bwino, masamba biriwiri, mpaka a Tepi atamva anabwera ndi khasu n'kuuzula, kuopa kuti anzathu angachite manyazi. Panopa mbali zonse ziwiri pali dzenje.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha sayansi. Chitsulo chakale cha mlamu anachizula, n'kuikapo makina oyendera dzuwa amene amayeza madzi okha n'kutumiza manambala pa kompyuta. Mumsewu mwathu anaimika mzati wokhala ndi chimkuzamawu pamwamba, ati madzi akamabwera chidzalira mpaka ogontha adzamva. Tinawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Bambo anga, amene sayamika chinthu cha munthu, anati mwina boma ili lili ndi mutu.

Ndiye a Tepi anatisonkhanitsa pansi pa mzatiwo kutifotokozera mmene uthenga uziyendera. Manambala a mtsinje tsopano ndi katundu wa boma. Boma la tsidya lija silingatipatse chenjezo ife n'kungolandira manja ali lende, ulemu wa dziko lathu ungagwe. Choncho nafenso anatiikira makina athu kumunsi kuno, kuti tiziwachenjeza anzathu a kumapiri za madzi amene adutsa kale kwawo. Chenjezo lawo limalowa mu envelopu, lathunso mu envelopu, nthumwi ziwiri zimakumana pakati penipeni pa mlatho pomwe a Tepi analemba mzere woyera, n'kupatsana nthawi imodzi, dzanja lamanja kupereka, lamanzere kulandira, wojambula ali pambali. Envelopu ikafika ku ofesi n'kudindidwa, m'pamene chimkuzamawu chimaloledwa kulira. Wometa anakweza dzanja n'kufunsa ngati madzi ayamba kukwera phiri masiku ano. A Tepi anamuyang'ana momumvera chisoni, n'kumuuza kuti nkhani za pakati pa mayiko si kumeta ndevu.

Mlamu wanga naye anamuitana kwawoko n'kumuuza kuti kuimbira munthu wa dziko lina za mtsinje ndi kuulula chinsinsi cha boma kwa mlendo. Mlendoyo ndine, bwana. Ine amene ndinasoka diresi la ukwati la mkazi wake, ine amene ana ake amanditcha mayi aakulu. Mlamu anavomera, nanga akanatani ndi ana m'nyumba, n'kundiimbira kuti kuyambira lero tizikambirana za ana ndi za matenda basi.

Chachitatu, ndipo apa ndiye mtima wanga wadzaza, ndikuthokoza chifukwa cha tsiku limene pangano linagwira ntchito. Anali masana, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kuli mbee. Ndinali pamakina ndikusoka mayunifomu a sukulu. Foni inalira, mlamu. Ndinayankha, koma munthu osalankhula, kumangomveka phokoso loti wooo. Ndinati netiweki yayambanso misala yake, n'kudula. Inaliranso, zomwezo. Ndinamukalipira kuti ngati foni ikudziimba yokha m'thumba aichotsemo, ena tili ndi ntchito. Italiranso ndinaiika pa sipika kuti manja ndizisokera, ndipo bambo kuchipinda kuja anakuwa kuti chitsiru iwe, amenewo ndi madzi! Mlamu sanaphwanye lamulo, bwana, sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Anangoima pagombe n'kutambasula dzanja, mtsinje n'kudzilankhulira wokha.

Koma nthawi inali itatha kale. Wilibala inali itapita kukatenga makala, poti palibe amene ankadziwa kanthu. Wometa anazula chitseko cha shopu, tinawagoneka bambo pamenepo n'kunyamula. Tisanafike pangodya madzi anali m'mawondo, ofiira, akukoka zidebe, nkhuku ndi nsapato za anthu. Pokwera chitunda wina anaterereka, chitseko chinapendekeka, bambo n'kumira mpaka m'khosi. Ndinawagwira kolala ya shati. Pamenepa ndilibe nthabwala, bwana. Ndinaona maso a bambo anga, munthu amene chibadwire sindinamuone akuopa kanthu, ndipo njira yonse yotsalayo sanatukwane aliyense. Kukhala chete kumeneko kumandiwawabe mpaka lero.

Pamene ife tinkasambira, pangano linali kuyenda bwino lomwe. Izi ndinamva kwa apolisi a pamlatho, amene amasoketsa mabatani kwa ine. Nthumwi zonse ziwiri zinafika, masuti ositidwa, maenvelopu m'manja. Koma apolisi anali atatseka mlatho chifukwa madzi ankanyambita kunsi kwake. Ndiye wina anaima mbali iyi, wina mbali iyo, kumakwezerana maenvelopu m'mwamba ngati anthu otsanzikana pa depoti. Akuti wa tsidya lija, munthu wachifundo, anaika manja pakamwa kuti angokuwa zoti madzi ambiri akadali m'njira, koma womunyamulira ambulera anamugwira mkono. Akanakuwa yekha, dziko lathu likanalandira popanda kupereka. Ndikuthokoza kuti anatiteteza ku chipongwe chimenecho. Chimkuzamawu nacho chinasunga mwambo, madzi anafika pakati pa mzati wake koma sichinatsokomole n'komwe.

Madzi ataphwa, mlatho utatsegulidwa, nthumwi zinakumana pa mzere woyera n'kupatsana maenvelopu bwinobwino. Chithunzi chinatuluka, munachiona. Envelopu inadindidwa. Ndipo tsiku lina tili mkati mokolopa matope, ine ndikutsuka makina anga ndi mswachi, chimkuzamawu chinalira. Abale inu, koma chimalira chinthu chija! Mawu aulemu, a munthu wophunzira, kutidziwitsa kuti boma la tsidya lija likupereka moni waubale ndipo likunyadira kutiuza kuti madzi akhoza kukwera. Msewu wonse unabalalika, liwiro la mtondo wadooka. Wometa anasiya kasitomala mutu theka, kasitomala n'kuthawa ndi nsalu m'khosi. Ine ndinathamangira kuchipinda kukanyamula bambo, n'kukumbukira ndili pakhomo kuti ali kuchipatala ndi chibayo. Ndamva kuti anzathu a kumapiri nawo analandira chenjezo lathu ndi chimwemwe, ndipo anayankha kuti akhala tcheru.

Poti ndatchula chipatala, ndithokozeretu za umoyo, kaya ndi chachinayi kaya chachisanu, ndasokonezeka ndi kuchuluka kwa zabwino. Munatitumizira gulu la madokotala a mayiko onse awiri, ovala zoyera, mbendera ziwiriziwiri pachifuwa. Wodi yathu inali itadzaza, ena kugona pansi, otsegula m'mimba, otsokomola, ochekedwa mapazi ndi malata. Madokotalawo anali ndi mtima wothandiza, ndinawaona m'maso, mmodzi anali atapinda kale manja a shati. Koma a Tepi anakumbutsa kuti odwala oonedwa mbali ino ayenera kufanana ndi oonedwa mbali iyo, ndipo tsidya lija madzi sanalowe m'nyumba ya munthu. Anasakasaka kumeneko mpaka anapeza bambo wina wa chithupsa pamalo osatchulika. Anamuona. Ndiye kuno anaonanso mmodzi, wa pafupi ndi zenera, poti pamenepo wojambula anati pakuwala bwino. Bambo anga anachira ndi majakisoni wamba opanda mbendera, ndipo ndikupepesa chifukwa cha chimenecho.

Tsopano za mlamu. Komiti ya mayiko awiri inakhala pansi mu hotela kufufuza chimene chinalakwika, ndipo inapeza kuti cholakwika chinali chimodzi chokha, foni ija. Akatswiri anakangana nthawi yaitali ngati phokoso la mtsinje lili m'gulu la manambala a boma. Anagwirizana kuti lili m'gulumo. Mlamu anamuchotsa kumtsinje n'kumutumiza kudera louma kwambiri la dziko lawo, kukalondera nyumba yosungiramo mipando yothyoka. Mng'ono wanga analira pafoni mpaka mawu kusasa, ndipo ine ndinangomupepesa, poti mwamuna wake wavutikira bambo athu. Koma chilungamo chanu sichinathere pomwepo. Popeza iwo analanga munthu, ifenso tinayenera kulanga munthu. Ndiye anagwira mkulu amene ankapukuta fumbi pa makina athu a kumunsi kuno, munthu woti ndi foni yomwe alibe, n'kumusamutsa nayenso. Akuti atafunsa chimene walakwa, anamuuza kuti palibe, ndi ubale chabe.

Posachedwapa ndinakumvani pa wailesi, mawu okoma ngati kale. Munati panganoli ndi chitsanzo kwa mayiko ena. Munati palibe amene anafa, ndipo n'zoona, ndikuvomereza. Munatinso zofooka zazing'ono zakonzedwa, nthumwi mwazigulira majombo, ndipo maenvelopu tsopano ndi apulasitiki, salowa madzi. Munalonjeza kuti njira yomweyi muigwiritsanso ntchito pochenjezana za miliri ndi za moto wa m'nkhalango. Wogulitsa makala atamva zimenezo anazimitsa wailesi n'kupita kukapemphera.

Bwana, mitambo yayambanso kuda kumapiri kuja. Pamalo pa mlamu anaikapo munthu watsopano, womvera malamulo, amene alibe m'bale aliyense kuno, ndipo ndamva kuti anamusankha chifukwa cha chimenecho. Foni yanga siidzaliranso. Bambo anabwerera m'chipinda chawo chija, poti kwina kowaika ndilibe. Mzere wa matope ukuonekabe pakhoma, pamwamba pa kumutu kwa bedi. M'mawa uliwonse ndikawabweretsera madzi osamba amandifunsa kuti kumapiri kukuoneka bwanji, ine ndimati kwayera. Galimoto yaikulu ikadutsa pamlatho amadzidzimuka n'kugwira m'mphepete mwa bedi ndi dzanja lawo lamoyolo. Ndikuopa, bwana. Ulemu ndauika pambali kaye, ndikunena poyera, ndikuopa kuti ulendo uno sitifika nawo pachitunda.

Koma musaganize kuti ndikupempha kuti muphwanye pangano. Ayi ndithu, ndine ndani ine? Thandizo nalo sindikupempha, ndaphunzira kuti kulandira osapereka n'kunyozetsa dziko. Pempho langa lachokera kwa bambo eni akewo. Paunyamata wawo ankaimbira mpira, ndipo dzulo ndikuwadzoza mafuta kumsana anati sanaonepo masewero achilungamo amene timu imodzi imakhala mbali yotsetsereka ya bwalo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pakati pamasewero anthu amasinthana mbali. Mtsinje wakana kusintha. Ndiye kwatsala anthufe.

Choncho, mwaulemu wonse, ndikupempha kusinthana kofanana, kogwirizana ndi mzimu wa panganoli. Nyengo ya mvula ino yokha, bambo anga akagone m'chipinda chimodzi cha nyumba yanu ya pamwamba pa phiri, ngakhale cha alendo, ngakhale chosungiramo masutikesi. Sadya zambiri, ndipo akayamba kutukwana antchito anu azingotseka chitseko. Inu mubwere mudzagone m'chipinda chawo kuseri kwa shopu yanga. Palibe wopereka yekha, palibe wolandira yekha. A Tepi abwere adzayeze mabedi, alembe mzere pakati pa msewu, inu ndi bambo mudutsane nthawi imodzi, wojambula ali pambali. Chipinda ndichisesa, ndikusokerani makatani atsopano ndi nsalu ya pabedi, tiyi wa m'mawa simudzamusowa. Nkhawa simudzakhala nayo, poti chimkuzamawu chili pafupi penipeni ndi zenera, ndipo ntchito yake mukuidziwa inu kuposa ife tonse.

Mukavomera, musavutike n'kuyankha, ingofikani ndi kachikwama kanu, wometa adzakulozerani khomo. Koma ngati pali chifukwa china chilichonse chimene chingakuletseni kugona m'chipinda chimenecho mvula ikugwa kumapiri, chonde bwana, chilembeni momveka bwino, m'mawu osavuta, munditumizire msanga. Ndikufuna ndikawawerengere bambo anga, poti iwo akugonamo.

Ine kapolo wanu wa singano ndi ulusi,

Mayi wosoka wa kumunsi kwa mlatho